Tinakuchitira Sadaka Uli Moyo

Bua, Nkhotakota
9 Malichi 1979

Wokondedwa mlongo wanga Sufiyani,

Asalamu alaikumu. Uli bwanji kumapiriko? Chifuwa chija chinakusiya? Ife kuno tadzuka, Alhamdulillah.

Ndikudziwa chimene chikukusowetsa mtendere. Patha miyezi isanu ndi itatu osalandira yankho, ndipo ukuganiza kuti bambo anatisiya. Bambo ali moyo. Khala pansi ndikufotokozere bwinobwino.

Kalata yako yonena za Yemen ndinaikonda kwambiri. Unalemba za mapiri amiyala yokhayokha, zigwa zimene zimaona madzi kamodzi pachaka, anthu okhalira zipatso za tende ndi mbuzi, amuna othera moyo wawo kuntchito kunja, ndiponso boma la ku Aden logwirizana ndi dziko la Rasha. Uphunzitsi unandipitirira. Ndinapita nayo m'kalasi, n'kutsegula buku la mapu kuti ana aone dziko lopanda mtsinje wonga Bua. Envulopu ndi sitampa yake zinayenda dzanja ndi dzanja. Ndinawawerengera zonse, ngakhale za bomazo.

Lachinayi lotsatira kunabwera amuna awiri aboma pagalimoto. Anafunsa kuti mwana amene tinkati akuphunzira Kurani ku Mombasa akufunanji kwa achikomyunizimu. Bambo anayankha kuti kalatayo ndi yawo, ine ndinangoitola patebulo. Anawatenga akusoka ukonde.

Anabwerako patatha masabata asanu ndi limodzi. Khutu lakumanzere silimva, zala sizigwiranso chingwe. Za kumeneko sakamba. Anangotiuza kuti amunawo adzabweranso tsiku lililonse limene kalata yako idzafike.

Ndiye amalume a Kalilu, pobwera ku Mombasa ndi katundu wawo, analengeza pamzikiti kuti unamwalira ndi malungo. Tinakuchitira sadaka, Sufiyani. Mpunga unaphikidwa, pemphero la dua linawerengedwa, dzina lako linatchulidwa pamodzi ndi la agogo. Mayi ankadziwa kuti uli moyo, komabe analira mpaka mawu kuuma. Anandifunsa kuti mwana amene sangamutchule pagulu akusiyana pati ndi wakumanda.

Chichitikireni sadakayo, amuna aja sanaonekenso.

Wolakwa ndine, ndikhululukire. Koma chonde usalembenso, ndipo usabwere. Kalata ino akaiponya amalume akafika ku Mombasa. Ukawerenga uiotche. Ukafuna kutiuza kuti ulipo, tumiza zipatso za tende kwa amalumewo, popanda pepala, popanda dzina. Mwezi wa Ramadhani mayi adzafuturu nazo pomasula kusala kudya, ndipo adzadziwa.

Unalemba kuti anthu akumeneko amatha kudikira mvula zaka ziwiri osatukwana thambo. Ine ndayamba kuphunzira kudikira kotero, ngakhale sindinakhoze. Nawenso yesako, pang'onopang'ono.

Undiperekere moni kwa ashehe amene akukuphunzitsa. Mayi ndi bambo akukupatsa moni, monong'ona. Allah akusunge kufikira tsiku limene tidzaitane dzina lako mokweza.

Ndine mlongo wako,
Madina