Mtengo wa pachithunzi chija

Matero, Lusaka

Okondedwa a Sisi Tamara,

Ndikhulupirira muli bwino ku Italiyako pamodzi ndi alamu. Kuno tikuyesayesa. Amayi ayambako kudya, koma tulo sakupeza.

Pa foni munalira kuti munavutitsa atate powafunsa dzina la mtengo wakale wa patchalitchi cha m'mudzi mwanumo, osadziwa kuti adwalika. Simunawavutitse ayi. Nditawaonetsa pa foni yanga chithunzi cha mtengowo chomwe munatumiza chija kuchipatala, ndinati sungakhale jakaranda, poti jakaranda amachita maluwa mu Okutobala, osati mu Juni. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe, mabuku onse aja unawerengamo chiyani? Kuno kukamazizira, kwa mkulu wako kumakhala kukutentha. Mtengo sudziwa kalendala. Ni jakaranda uyu. Umuuze ayang'ane m'nthambi, apeza makoko ophwathalala ngati mabisiketi."

Foniyo anakhala nayo nthawi yaitali, akukulitsa maluwawo ndi zala. Sindinawaone akusekanso. Lachitatu anatisiya, ndipo m'chipwirikiti cha maliro ndinaiwala kukufikitsirani yankho lawo. Mundikhululukire.

Chonde mukayang'ane m'nthambimo, mundiyankhe msanga. Amayi amafunsa m'mawa uliwonse ngati amuna awo analondola.

Mulungu akusungeni kutali komwe muliko.

Ine mng'ono wanu,
Misozi