Zimene ndinkalanda m'mbale ya alamu anu

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi bambo a kunyumba ndi ana. Bondo lija linasiya kuvuta? Kuno alamu anu ali bwino, bwino mochita kunyanya, moti zikundipsetsa mtima. Za ine ndiye yambani mwakhala pansi.

Mukudziwa kuti chiwapezereni matenda a shuga, zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ine ndakhala wapolisi pakhomo pano. Kabati ya shuga ndinaikhoma loko. Ku ukwati keke ikafika patebulo, dzanja langa linkafika pambale yawo iwo asanatole foloko. M'mawa uliwonse ndinkawatulutsa kuti akayende, ine n'kubwerera m'bulangete, poti wodwala ndi iwo.

Mwezi watha, kuchipatala kumene amalandirako mankhwala kunayamba kafukufuku woyerekeza matupi a anthu a shuga ndi a anthu opanda shuga. Anapempha odwala kuti abwere ndi akunyumba kwawo athanzi. Ndinavala suti, achemwali. Ndinapita ngati chitsanzo.

Anatitenga magazi tisanadye, kutikweza pa sikelo, n'kutizunguliza tepi m'mimba ngati kwa telala. Pa ine namwino anayeza kawiri. Ndinamuuza kuti ndi lamba wa siketi. Iye anati siketiyo ilibe lamba.

Lachiwiri dokotala anatiitana mmodzimmodzi. Alamu anu anatuluka akuimba mluzu: magazi akuthamanga bwino, mafuta m'magazi ndi ochepa, impso ngati za mnyamata. Ine, wathanzi uja, ndinauzidwa kuti magazi akuthamanga kwambiri, mafuta achuluka mpaka kuchiwindi, ndipo shuga waima pakhomo penipeni, wangotsala kulowa. Ndinafunsa ngati sanasinthanitse mapepala, n'kumukumbutsa kuti ndili ndi madigiri awiri. Anayankha mwaulemu kuti chiwindi sichiwerenga masatifiketi.

Atafunsa zimene ndimadya, ndinati zochepa zedi. Anandipatsa pepala kuti ndilembe zonse za sabata yapitayo. Linadzaza mbali zonse ziwiri.

Ndiulule tsopano. Zonse zimene ndinkalanda zija mukuganiza kuti zinkapita kuti? Mayi anatilera kuti chakudya sataya. Keke, khungu la nkhuku, nyama yonona, zakumwa zotsekemera zobwera ndi alendo, zonsezo ndinkamalizira kukhitchini choimirira, kuseri kwa chitseko. Sindinkaziwerengera n'komwe, poti sizinali zanga. Zaka zonsezi ndakhala ndikudya za anthu awiri, uku ndikudzitama kwa anzanga kuofesi kuti ndikusunga moyo wa munthu.

Zotsatira za kuchipatala zija ndinazibisa masiku anayi pansi pa nsalu za pabedi. Dzulo ndinawaonetsa alamu anu, nditakonzeka kusekedwa mpaka kumanda. Sanaseke. Anatulutsa kamakina kawo koyezera shuga, n'kugwira chala changa. Ine amene ndakhala ndikuwanena kuti amaopa kasingano ngati khanda, ndinatsinzina n'kukoka dzanja.

Anati, “Mayi, limbani mtima, kowawa n'koyamba kokha. Ine ndinalibe wondiuza zimenezi.”

Akanandiseka bola. Ndinalira mpaka mamina, madigiri ali pakhoma kundiyang'ana.

Dokotala anafunsanso ngati kwathu kuli ena a vutoli. Ndinati ayi, koma ndili panjira ndinakumbukira mayi: ludzu losatha lija, ndi bala la kuphazi limene linakana kupola mpaka tinawaika. Tonse tinkangoti ndi ukalamba. Palibe anaganiza zowayezetsa, ngakhale ine wophunzira ndemwe.

Chonde achemwali, pitani mukayezetse sabata ino. Musanene kuti simukumva kuwawa paliponse, nanenso sindinkamva kanthu. Ndinu nokha mwatsala wondidzudzula, sindikufuna kukutayani chifukwa cha “ndili bwino”. Poyankha kalatayi muyambe ndi manambala, moni abwere pambuyo.

Mundiperekere moni kwa bambo a kunyumba, ana ndi azakhali. Za kuseri kwa chitseko zithere kwa inu. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
uja ankadziwa zonse.