Maso a bambo Pruitt

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Renata, 10:12
bambo Pruitt musaiwale lachinayi 2 koloko. ophunzira atsopano a PhD alipo 9, a pulofesa akuti muwalankhule ngati chaka chatha

Vernon Pruitt, 10:31
[mawu, 0:29] Renata mwana wanga, foni yandiwerengera uthenga wako ndi mawu ngati a wapolisi. Ndibwera. Koma ndikawauza zomwe ndinakuuza iwe utangoyamba: mbewa zanu za mu labu mwazichiritsa khungu kambirimbiri, ine amene ndayendetsa basi ya sukulu zaka 31 ndikungopapasa makoma.

Renata, 10:33
kkkk muwauze ndithu. nchifukwa chake amatitumiza kwa odwala, tisamangodziwa mbewa zokha

Vernon Pruitt, 10:40
[mawu, 0:17] Nanga jakisoni wa m'diso akundibaya mwezi ndi mweziyu, ndi mankhwala enieni kapena madzi? Undinong'oneze, sindiuza munthu.

Renata, 10:42
nanenso sindikudziwa, si ndinakuuzani. adzaulula mu june kafukufuku akatha

Vernon Pruitt, 10:47
[mawu, 0:11] June ndi kutali kwa munthu wa zaka 79. Chabwino. Ubweretse madonasi, osati ouma aja a ku kantini.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Renata, 13:25
ndili pakhomo lalikulu, madonasi m'manja

Renata, 13:52
basi yachedwa ndi sinowo?

Renata, 14:15
tayamba kaye, mukafika mungoimba nditsika

Renata, 15:40
ndaimba kawiri. plz yankhani

Gwen (pa foni ya Vernon), 16:08
Ndine Gwen, mwana wawo wa a Vernon. Bambo atisiya cha m'ma 1 koloko. Mtima. Anagwa akudikira basi panja pa nyumba ya okalamba. Ndangofika kuchokera ku Columbus.

Renata, 16:10
ayi

Renata, 16:14
pepani achemwali. pepani kwmbr. ndine Renata, wophunzira wa ku labu ya maso, ndakhala ndikuyenda nawo ku chipatala zaka 4

Gwen, 16:21
Ndikudziwa. Dzina lanu ladzaza foni yonse. A nkhokwe ya maso andiimbira katatu, akuti bambo anasaina kuti maso awo apite ku labu yanu. Thupi silinazizire nkomwe.

Renata, 16:25
anasaina chaka chatha, ine ndili pomwepo. akufulumira chifukwa kansalu ka kumbuyo kwa diso, kamene timaonera, kamaonongeka msanga munthu akamwalira. maola ochepa chabe

Gwen, 16:27
Inu simunawachiritse. Chaka ndi theka mukuwabaya m'diso, khungu nkumangokula. Pano mukufunanso maso omwewo.

Renata, 16:29
nzoona sitinawachiritse

Gwen, 16:30
Anali mankhwala kapena madzi?

Renata, 16:31
sindikudziwa. ndikanadziwa ndikanakuuzani lero

Renata, 16:44
mukakana palibe adzakuimbeni mlandu, ndipo a pulofesa ndikawauza ndekha. chomwe ndinganene nchakuti tili ndi zithunzi za maso awo za mwezi uliwonse. sitinakhalepo ndi mwayi woona diso lenilenilo la munthu amene tamujambula chonchi

Renata, 17:05
achemwali?

Renata, 17:31
sindilembanso. ndili pano mukandifuna

Gwen, 17:48
Lolemba pa maliro anthu a ku tchalitchi kwawo adzaona nkhope. Adzaoneka bwanji?

Renata, 17:50
ngati agona. amaika tizophimba pansi pa zikope, palibe angazindikire

Gwen, 17:52
Masowo adzawadula ndani?

Renata, 17:58
ochotsa ndi a nkhokwe. akafika ku labu ndi ntchito yanga. a pulofesa akuti apatse wina chifukwa ndimawadziwa

Gwen, 17:59
Ndiye mwati chani?

Renata, 18:03
[mawu, 0:21] Sindinayankhe. Maso ndadulapo ambiri, koma amabwera ndi nambala basi, opanda dzina. Awa... pepani. Awa ankandinena kuti ndimayenda ngati ndikuthawa ngongole, amandidziwira ku mapazi.

Gwen, 18:11
Ndawaimbira a nkhokwe. Ndavomera. Koma mugwire ndinu, osati mlendo.

Renata, 18:12
chabwino. zkm

Lachisanu, 14 Febuluwale

Renata, 9:06
maso anafika bwino, nthawi isanathe. ndagwira ndekha, a pulofesa ataima pambali. zonse zasungika

Renata, 9:07
ophunzira atsopano aja afunsa ngati angabwere lolemba. ndawauza kuti ndifunsa kaye

Renata, 15:30
osadandaula kuyankha

Lamlungu, 16 Febuluwale

Gwen, 12:15
Abwere. 11 koloko. Mipando ndi yambiri, anzawo a bambo ambiri anatsogola.

Lachitatu, 26 Febuluwale

Gwen, 14:02
Foni iyi ndikuitseketsa kumapeto kwa mwezi. Ndamvetsera mauthenga onse amene ankakutumizirani. Ankaseka nanu kwambiri.

Renata, 14:20
ankasekadi. munganditumizire angapo musanatseke? ena anafufutika kwanga

Gwen, 14:23
Nditumiza. Ndifunse chinthu. Mwaona chani m'masomo? Musandipatse mawu a kusukulu.

Renata, 14:35
pakati penipeni, pamene munthu amaonera nkhope ndi zilembo, panafa kalekale maso onse awiri. koma diso lamanzere chakumbali kunatsala kachigawo kamoyo, kochepa ngati njere ya mpunga. ndi kamene ankaonera

Gwen, 14:41
Ndiye ankaona?

Renata, 14:43
pang'ono. koma kuti aone chinthu ankayenera kuchilambalala, kuloza nkhope kumbali kuti chigwere pa kachigawoko. akakuyang'anani maso ndi maso ndiye kuti simukuoneka

Gwen, 15:10
[mawu, 0:48] Zaka zisanu zapitazo ndine ndinagulitsa nyumba yawo nkuwapititsa kwa okalamba. Anali atasiya mbaula ikuyaka kawiri. Tinakangana zoopsa. Kuyambira pamenepo ndikapita kukawaona, ndikangoyamba kulankhula, amatembenuzira nkhope ku windo. Ulendo uliwonse. Ine nkumati sanandikhululukire. Ndinayamba kupita kamodzi pa miyezi iwiri, mwina itatu, ndikafika theka la ola ndanyamuka. Khirisimasi yapitayi ndinawauza kuti bambo, ngati simukufuna kundiona ingonenani. Anangoti, ndikukuona. Nkhope ili ku windo.

Renata, 15:16
windo linali mbali iti

Gwen, 15:17
Kumanja kwawo. Ine ndimakhala pa bedi, iwo pa mpando.

Renata, 15:19
inenso ankanditero. tsiku loyamba ndinkayesa sakundifuna, mpaka a nesi anandifotokozera

Renata, 15:20
ankakuyang'anani achemwali

Gwen, 15:34
Bwanji sanandiuze

Renata, 15:37
sindikudziwa. mwina ankayesa mukudziwa

Renata, 16:02
mukadali pomwepo?

Renata, 17:15
ndikhoza kuimba ngati mukufuna

Gwen, 18:40
Pa Khirisimasi paja anati tsitsi langa layamba imvi. Ndinayesa awauza ndi a nesi.