Tebulo la Abambo ndi Mpira wa Loweruka

Latvia,
12 Novembala.

Okondedwa achemwali a Tsiala,

"Shalva ndiye mzati wa kumbuyo kwathu. Ngakhale ali pa chisoni cha imfa ya bambo ake, wavomera kukhala nafe pa masewera omaliza a Loweruka, pakuti popanda iye timu ino singaime." Umu ndi mmene akuluakulu a timu analengezera sabata yatha, ndipo ndamva kuti mwana wanu Tornike anawamasulira amayi mawuwa kawiri. Ndikulemba kuti mudziwe mmene mawuwo anabadwira, popeza pa foni munangoti "chabwino" n'kudula.

Kupempha ndinapempha, pamenepo mundikhulupirire. Ndinapita kwa aphunzitsi a timu n'kuwauza kuti Loweruka likwana tsiku la makumi anayi chimwalirireni abambo, ndipo mwana wamwamuna ndilipo ndekha, woyenera kuima kumanda ndi kukweza tambula pa tebulo lawo. Anayang'ana ndevu zangazi nthawi yaitali. Kuno sadziwa kuti woferedwa sameta. Anyamata akunditcha abusa chifukwa cha ndevuzo, ndipo goloboyi wathu akandiona amawerama, amati, "Abusa, mutipempherereko, zigoli zatichulukira."

Aphunzitsiwo anati, "Kumaliro unapita kale mwezi watha. Amwaliranso kachiwiri?"

Ndinati, "Kwathu tsiku limenelo ndi pamene munthu amanyamuka zenizeni."

"Tikagonja Loweruka titsika ligi. Kalankhule ndi mwini timu."

Mwini timu ndi munthu wogulitsa matabwa, wansangala ndithu. Lachitatu anatiitanira tonse chakudya. Pakati pa kudya anaimirira ndi tambula, nandigwira phewa, nanena za mzati zija pamaso pa onse, n'kuwonjezera kuti chaka chamawa tidzakhalanso limodzi. Achemwali, inu mukudziwa mmene tinaleredwera. Mawu amene munthu wanena ataimirira, tambula ili m'manja, abambo ankati amalemera kuposa osainidwa. Ine ndayenda ndi mpirawu ku Ukraine, ku Cyprus, ku Kazakhstan, mapepala ndasaina ambiri ndipo ndikudziwa kupepuka kwake. Koma panalibe mwini timu amene anandiimirirapo ndi tambula. Pamene ankakhala pansi n'kuti ine nditavomera kale mumtima.

Nditafika kunyumba ndinaimbira Gocha, uja amandipezera matimu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa, "M'tambulamo munali chiyani?"

"Mowa wa thovu."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe mwana wa ku Zestaponi, mpira wakuwomba m'mutu kwambiri. Kwanu mowa umenewo amakwezera ndani?"

"Adani, pakuti abale timawakwezera vinyo. Koma kuno sadziwa zimenezo."

"Iwo sadziwa, iwe ndiye ukudziwa. Komabe khala, mbale wanga. Zaka makumi atatu ndi zitatu, bondo lomangamanga, ukakwera ndege Loweruka ndikakugulitsa kwa yani? Abambo ako akanakuuza chimodzimodzi."

Pamenepo ananama. Abambo sankafunsa za matimu anga, ankangofuna kudziwa ngati buledi wa kumene ndili ndi wodyeka. Koma ndinakhala.

Loweruka m'mawa ndinayala tebulo langa pano. Nyumbayi ndi ya timu, chipinda chimodzi, zenera loyang'ana poimika mabasi. Ndinaika buledi, tchizi, nyemba zimene ndinayesa kuphika ngati amayi koma osafikapo, ndi vinyo wa abambo uja munandiikira m'chikwama. Ndinali nditauza anyamata kuti amene angathe abwere. Anayankha mwaulemu kuti tsiku la masewera sadya nyemba. Ndiye wotsogolera tebulo ndinali ine, mlendo ndinalinso ine. Ndinaimirira, ndinanena mawu onse mwadongosolo lake osadumpha, ndinadonthezera vinyo pa buledi, ine ndinangonyowetsa milomo chifukwa cha masewera. Mayi wa khomo loyandikana anagogoda khoma. Mwina ankayesa ndikukangana ndi munthu.

Tornike wandiuza kuti amalume a Tengiz ndiwo anakweza tambula m'malo mwanga, ndipo anauza alendo kuti Shalva akumenyera banja nkhondo kutali. Muwathokoze. Wandiuzanso kuti amayi anakaniza aliyense kukhala pa mpando wanga mpaka alendo onse atapita. Chimenecho mwanayo akanandibisira.

Masewerawo tinapambana ndi chigoli chimodzi, timu sinatsike. Mwini timu anapsompsona aliyense, ine ndemwe. Za chaka chamawa akuti tidzakambirana chisanu chikatha, koma makiyi a nyumba akuwafuna kumapeto kwa mwezi uno. Gocha akunena za timu ina ku Uzbekistan, ndipo akayamba kutamanda nyengo ya dziko ndimadziwa kuti china chotamanda palibe.

Ndili ndi pempho. Mpesa wa kuseri kwa nyumba musalole amalume audulire, dzanja lawo ndi lolemera ndipo abambo sankawapatsa mpeni. Ndidzadulira ndekha mu Febuluwale, zikuoneka kuti nthawi ndidzakhala nayo. Mukapitanso kumanda muwauze abambo kuti mawu awo ndinawanena onse, kungoti ndinawanenera kutali.

Moni kwa alamu ndi kwa Tornike, mumuuze asiye kumenya mpira ndi chala. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga. Akafunsa za Loweruka muwauze kuti tinapambana, zimenezo n'zoona, koma kanema wa masewerawo mwanayo asawaonetse. Inuyo mundikwiyire mmene mungathere, bola foni muziyankha.

Ine mlongo wanu,
Shalva

Munafunsa kudzera mwa Tornike ngati ndinasewera bwino. Kumbuyo anaikako mnyamata wa kuno wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ine ndinakhala pa benchi mpaka wezulo yomaliza, jekete osavula.