Nkhope Isasinthe Mpaka Loweruka

14 Meyi

Okondedwa Alamu,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi a kunyumba ndi ana. Ife kuno tikupuma, koma ndikati tili bwino ndikunamizani. Ndapatsira dalaivala wa basi m'malo moimba foni chifukwa ang'ono anu masiku ano akumva chilichonse m'nyumba muno, komanso inu pa foni mumayamba kuseka nkhani isanathe.

Mukudziwa kuti chithereni ntchito yawo yosindikiza mabuku ankangokhala. Ndiye kunabwera bambo wina wopanga mafilimu, amene timangoti a Chipewa chifukwa mutu wawo palibe anauonapo. Anati akufuna munthu wa nkhope yovutika woti asewere filimu yoopsa. Ine ndinati apa mwafika, nkhope imeneyo ndimadzuka nayo tsiku lililonse. Filimuyo ndi ya kalaliki wopanda m'bale, wokhala yekha m'kachipinda ka lendi m'tauni. Ntchito yamupanikiza, phokoso la mumsewu silimugonetsa, mpaka ayamba kumva anthu akugogoda m'kati mwa khoma, mutu n'kusokonekera.

Musaganize za magalimoto ndi zipangizo zambiri. Pali kamera imodzi yobwereka, nyale ziwiri ndi maikolofoni yomangirira ku mtengo wa tsache. Malo ojambulira ndi chipinda chathu chomwechi, ndipo amatchinga mawindo ndi mabulangete athu kuti masana aoneke ngati usiku. Ine anandipatsa ntchito yopaka nkhope, poti ndimakonza akwati ku saluni. Magazi ndimaphika ndekha ndi shuga ndi utoto wofiira wa makeke, moti nyerere za m'nyumba muno zanenepa kuposa eni nyumba. Poyamba ndinakondwa, Alamu. Munthu anayambanso kudzuka m'mawa, kusamba, kuloweza mawu ake akuimba mluzu. Koma paja walira mvula walira matope.

Anthuwa sajambula motsatira nkhani. Amajambula malo akapezeka, lero za pakati, mawa za koyambirira, n'kudzalumikiza pa kompyuta. N'chifukwa chake a Chipewa ali ndi lamulo limodzi lokha, loti nkhope isasinthe. Ndevu zisametedwe, tsitsi likhale lomwelo, masaya akhale mmene analili tsiku loyamba. Tsoka lake, tsiku loyambalo ang'ono anu anali atangodzuka malungo, ali mafupa okhaokha. Thupi litayamba kubwerera, a Chipewa anayerekeza ndi chithunzi cha pa foni yawo n'kunena kuti, "Achimwene, masayawa atiwonongera filimu."

Mukukumbukira mapiritsi a matenda a maganizo amene anawapatsa kuchipatala chaka chija munabwera kudzawagwira manja pakhonde? Aja amadzazitsa nkhope. Palibe anawauza kuti asiye kumwa, anasiya okha. Ndinawapeza ndikusesa, atawunjikana mu nsapato yakale pansi pa bedi.

Lachiwiri lapitali ndinachedwa ku saluni. Ndikulowa ndinapeza nyale zayaka kale, ang'ono anu atakhala pa bedi.

"Mayi, dzanja lanu ndalipatsa ulemu," anatero a Chipewa. "Mdima wa m'masowu ndi umene ndinkafuna. Mwawapaka chiyani m'mawa?"

Bokosi langa la zopakapaka ndinali ndisanalitsekule chiyambire Lamlungu.

Pa pepala la mawu a filimuyo panalembedwa kuti ayike khutu pakhoma n'kunena mawu pang'ono basi. Iwo anayika khutu, kenako anayamba kukanda khoma ndi zikhadabo, akuchonderera a m'katimo kuti amusiye mwana agone. Ankatchula dzina la mwana wathu, lomwe mu filimumo mulibe. A Chipewa anati, "Dula." Iwo osasiya. Ndiye a Chipewawo anakodola wa kamera kuti apitirize. Magazi amene anatsala pakhomapo sanali a shuga. Ang'ono anu atatopa n'kukhala pansi, onse anawomba m'manja, wa maikolofoni mpaka anapukuta misozi. Ine mtima unandiwawa kuposa tsiku limene ndinaika bambo anga m'manda.

Ndinawatsatira a Chipewa panja n'kuwauza kuti amuna anga akudwala.

"Mayi, luso simulidziwa," anandiyankha mofatsa. "Alowa mwa munthu amene akusewerayo. Akatswiri amatero. Tikamaliza atuluka okha."

"Nanga akapanda kutuluka?"

"Kwangotsala kachigawo kamodzi. Tipirireniko mpaka Loweruka."

Sindikuti ndi munthu woipa. Anagulitsa njinga yawo yamoto chifukwa cha filimuyi, ndipo nawonso maso awo afiira. Kungoti munthu amamuonera pa kagalasi ka kamera basi.

Kachigawo katsalako ndi kamene kandilembetsa kalatayi. Loweruka m'mawa akajambula pamwamba pa nyumba yosanja ya pafupi ndi depoti, mlonda wake wawalola kukwera. Kalaliki uja akaima m'mphepete mwenimweni, ayang'ane pansi pamene pakudutsa magalimoto, kenako abwerere. Chingwe sawamanga, ati chikaoneka pa chithunzi ndipo alibe njira yochifufutira. Ndinawafunsa ang'ono anu ngati akudziwa kuti pa pepala palembedwa kuti abwerere. Anayang'ana khoma kaye, ngati munthu wodikira kuti akulu amalize kulankhula.

"Zimenezo tikaonera komweko," anatero. "Ndikamva zimene akanene."

Ndayesa zanga zonse. Kupita kuchipatala akukana, akuti akawameta ndevu. Namwino wandiuza kuti ndibwere nawo ndi wachibale wamphamvu. Ndikasungunula piritsi mu tiyi amanunkhiza n'kutaya. Mwana ndamupititsa kwa achemwali anga, chifukwa anayamba kufunsa kuti m'khomamo mukukhala ndani. Mutu umodzi susenza denga, Alamu. Chaka chija anamvera inu nokha. Chonde kwerani basi ya Lachisanu m'mawa, musadikire kuti mupeze kanthu kotitengera. Ngati kuntchito akukanizani, auzeni kuti kuli matenda aakulu, simunama. Amayi musawauze kaye, ndi mtima wawo uja.

Mundiperekere moni kwa a kunyumba, muwauze kuti nsalu ija ndikuvalabe. Moni kwa ana onse, makamaka wamkuluyo amene akulemba mayeso. Moni kwa amayi, muwauze kuti mdzukulu wawo wayamba kuwerenga. Ndinkafuna ndiikemonso moni wa ang'ono anu monga mwa nthawi zonse, choncho ndawauza kuti ndikulembera achimwene awo. Andiyang'ana nthawi yaitali, mwaulemu ndithu, n'kundifunsa kuti, "Achimwene ake a ndani, mayi? Werengani pepala, ine m'tauni muno ndilibe m'bale."

Ndikakudikirani pa depoti.

Ndine mlamu wanu.