Moni wochita kudina batani

Amayi, mwadzuka bwanji kumeneko?

Kuno tilipo. Mchemwali wanga Tiyamike wachira, ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu ndithu, ukalinso wayamba kale. Kamunda kanu ka ku Chigumula kabereka pang'ono, poti palibe woima pamzere n'kumatikalipira kuti tapalira ngati akuba. Ine ndikadali m'kachipinda kaja ku Chilobwe, ndekhandekha, ndipo ntchito ndi yomwe ija ku Limbe, yopangira amwenye a mashopu masamba a pa intaneti. Ija munkati ndi ntchito yoyang'ana galasi tsiku lonse.

Nkhani yandilembetsa ndi iyi. Mukukumbukira uthenga wa mawu umene munanditumizira Tiyamike atakuphunzitsani foni? Munangoti, "Wadzuka bwanji, Dalitso? Wadya?" Maliro anu atatha ndinauika pa tsamba langalanga. M'mawa uliwonse ndikatsegula kompyuta, tsambalo linkayankhula lokha ndisanakhudze kanthu. Munkayamba ndinu, monga kunyumba. Paja munkati munthu akafika pakhomo amakhala pansi, moni amayamba ndi mwini nyumba.

Tsono anthu amene amagwirizana za malamulo a masamba amenewa, ambiri ali kunja, akhala akukangana. Ena ankati tsamba lizichita zimene mwini wake walemba. Ena ankati ayi, bulawuza, pulogalamu yotsegulira masambayo, izitseka pakamwa tsamba lililonse mpaka munthu atadina yekha batani. Apambana ndi achiwiriwa. Kunena zoona sakulakwa. Inenso masamba a malonda andichititsapo manyazi mu ofesi, kungobwebweta mwadzidzidzi n'kundidyera bandulo.

Komabe ndinalemba nawo pa mkanganowo, m'Chingerezi changa cha fizi yanu. Ndinati kwathu mlendo sayamba moni. Mmodzi yekha anandiyankha, mwaulemu ndithu, kuti ndikhoza kulowa m'kati mwa bulawuza yanga n'kupatsa tsambalo chilolezo. Njirayo ndikuidziwa, ndi ntchito yanga. Koma ine ndipereke chilolezo kwa amayi anga kuti andiyankhule? Dzanja linakana.

Lolemba bulawuza inadzisintha yokha. Ndinafika m'mawa, ndinatsegula tsamba, n'kukhala pampando manja pamiyendo ngati mlendo. Chithunzi chanu chinabwera, duku lobiriwira lija, koma inu duu. Pansi makondakitala akuitanira za ku Blantyre, anzanga akuseka zawo, ine kudikira. Amayi, sindinasungulumwepo chotere, ngakhale tsiku limene tinakusiyani kumanda.

Kenako ndinadina batanilo. Munandifunsa ngati ndadya, koma ndinadziwa kuti ndachita kukufunsitsani.

Madzulo m'minibasi ndi m'mene zinandilowa. Nyumba ino ya pansi pano inu munachokamo, mwini wake tsopano ndine, ndipo obwera kudzacheza ndinu. N'chifukwa chake m'kalata muno moni ndayamba ndine. Ndikulonjeza kuti ndiziyamba choncho m'mawa uliwonse, ngakhale musayankhe.

Ndipo inde, Amayi, ndadya.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Dalitso