Lero Ndampeza x pa Bolodi

Lachitatu, mwezi wa Novembala. Kwatentha tsiku lonse, koma mtima wanga uli m'malo.

M'mawa ndinali pamzere wa fetereza wa makuponi, ndiye ku sukulu ya masana ndinafika mochedwa, mapazi ali mbuu. Aphunzitsi a masamu, a Nkhoma, anali atalemba pa bolodi kuti 3 wokhala ndi x pamwamba akufanana ndi 20.

"Mayi Banda, tabwerani mutipezere x."

Ana a m'kalasimo, amsinkhu wa mwana wanga woyamba, anayamba kunong'onezana. Ndinatenga choko. Ndinayesa 2, kunatuluka 9. Ndinayesa 3, kunatuluka 27. Kenako ndinakumbukira: ika log uku ndi uku, x atsike pansi, ugawe. Kakyuleta inandipatsa 2.73.

A Nkhoma anangoti, "Mwakhoza, kakhaleni." Funso ngati lomweli ndinalisiya losayankha pa mayeso a Fomu 4 chaka chatha.

Nditawauza amuna anga, anaseka. "Ndiye log wanuyo adzathirira nazale?" Akufuna ndiime kaye sukulu mpaka titawokera fodya. Mawa ndilawirira kukathirira ndekha, ndione ngati adzanenanso.